Nyimbo ya Kakowa

Mutu 5

1. Nyumba ya kumapeto

Ku Nsanje dzuwa silifunsa kuti kwanu n'kuti. Limangokuwotcha basi, ndipo ukadandaula limawonjezera moto.

Ireen, mtsikana wa zaka makumi awiri wochokera ku Ntcheu, adalidziwa bwino dzuwalo mwezi wa Okutobala. Akuluakulu a kukoleji adamutumiza pasukulu ya pulayimale ya Nyamitete, kwa Malemia, kuti akaphunzire ntchito yauphunzitsi kwa chaka chathunthu. Adabwera awiri, koma mnzakeyo malungo adamugwetsa sabata yachiwiri, abale ake n'kudzamutenga. Sadabwerenso.

Ireen adatsala yekha m'nyumba ya kumapeto, pafupi ndi mjigo. Ana akaweruka, pasukulupo pankangoti zii. Ankasesa m'nyumba mosesa kale, n'kuchapa zovala zochapa kale, kuti dzuwa lipendeke.

Aphunzitsi anzake sadali anthu oipa ayi. Ankamupatsa moni, ena ankamugawirako nsomba. Koma macheza akakoma ankatembenukira ku Chisena osazindikira n'komwe, ndipo iwo akamafa ndi phwete, Ireen ankangomwetulira ngati wamva. Kusungulumwa kwa pakati pa anthu kumapweteka kuposa kwa m'nyumba, abale inu.

Adampatsa Sitandade 4, ana makumi asanu ndi atatu kudza asanu ndi mmodzi. Masamu ankayenda. Chichewa chinkayenda. Koma phunziro la zaluso, mmene muli kuimba ndi kuvina, lidali minga yake.

Buku linkati ana atsanzire mayendedwe a nyama ndi mbalame. Ireen ankawatulutsa panja pansi pa mtengo wa nimu, n'kuwaimika m'mizere, n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Wani, thu! Wani, thu! Kwezani mikono ngati mbalame!"

Ha! Ana omwewa, amene pa nthawi yopuma ankavina utse ndi likhuba mpaka fumbi kuti koboo, pamaso pa Ireen ankangoti njo ngati mitengo ya mpanda. Tsiku lina wina adanong'ona mawu a Chisena kumbuyo, kalasi yonse n'kugwa ndi kuseka. Patapita masiku Ireen adamva tanthauzo lake. Akuti Madamu amavina ngati asenza mtsuko wobwereka.

Madzulo a tsiku limenelo sadadye.

2. Mlendo wa pakhonde

M'kalasimo mudali mtsikana wina dzina lake Tithokoze, wa zaka khumi, wochepa thupi, wa maso akuluakulu. Nthawi yovina ikakwana, iye ankakakhala pa muzu wa nimu, manja atawapana pakati pa mawondo. Anzake sankamuseka, sankamuitananso. Ireen adayesa kuti mwanayo ndi wamanyazi chabe.

Tsiku lina masana adamva mawu pakhomo.

"Odi, Madamu. Ndimapempha madzi akumwa."

Mjigo udali pomwepo, mapazi makumi awiri okha. Ireen adadziwa kuti si madzi abweretsa mwanayo, koma adamutungira ndithu. Tithokoze adamwa, n'kukhala pakhonde mpaka mthunzi wa nyumba udafika pamjigo.

"Kwanu sakukufuna?" adafunsa Ireen.

"Kulibe munthu, Madamu. Baba amachoka kudimba dzuwa litalowa."

Mawa lake adabweranso. Mkuja wake chimodzimodzi. Ireen adayamba kugula mango awiri m'malo mwa limodzi. Ankamuthandiza masamu ogawa, ndipo Tithokoze ankabweza ndi Chisena.

"Mmawa muziti, Mwacherwa tani. Munthu akakupatsani kanthu muziti, Takhuta. Mukakana muziti, Nkhabe."

"Nkabe."

"Iii, Madamu, lilime lanu ndi lolemera! Nkhabe!"

Adaseka onse awiri. Chifikireni ku Nsanje, kumeneko kudali kuseka koyamba kwa Ireen kodziwa chimene akusekera.

Tsiku lina kakowa, mbalame yoyera ya miyendo yaitali ija, adatera pamatope a kumjigo. Ankayenda pang'onopang'ono, kukweza mwendo, kuusiya m'mwamba, kenaka n'kuutsitsa mosamala. Tithokoze adamuyang'anitsitsa, ndipo adayamba kuimba chapansipansi.

*Kakowa, kakowa, ponda pang'ono,*
*Matope a dambo ngakuya ee.*
*Nthenga zako n'zoyera,*
*Usazidetse, mwanawe.*

Akuimba choncho adadzuka. Adakweza mwendo umodzi, khosi n'kulisolola, mapewa akunjenjemera ngati nthenga. Kudali kamphindi chabe. Koma Ireen adaona kakowa wachiwiri pakhonde pake.

Mwadzidzidzi mwanayo adaima. Adaunguza uku ndi uku, n'kukhala pansi msanga, manja n'kuwapananso m'mawondo.

"Nyimbo yokomayi waiphunzira kuti?" adafunsa Ireen.

"Ndi ya mai. Adapeka okha. Ankandiimbira kudimba ndikamaponda mbewu." Adatsitsa mawu. "Tidaidziwa atatu basi, mai, baba ndi ine. Musauze munthu, Madamu. Musanenenso kuti ndinaimirira."

"Sindiuza munthu," adatero Ireen. "Ndalonjeza."

3. Mawu a mayi Fanizo

Lolemba lotsatira ahedi adamuuza kuti Lachinayi kubwera bambo Kaitano a kukoleji kudzaonerera phunziro lake ndi kumupatsa malikisi. Tsoka ilo, ola limene adasankha lidagwera pa zaluso. Ulendo woyamba bambo Kaitano adachoka akupukusa mutu, ndipo adanena poyera kuti akadzapezanso zomwezo, Ireen adzabwereza teremu yonse.

Adathamangira kwa mayi Fanizo, mlangizi wake pasukulupo. Mayiwa adali atagwira choko zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ndipo theka la makolo a ana a pa Nyamitete lidadutsa m'manja mwawo. Adawapeza akuchonga makope m'kalasi mopanda ana.

"Mayi, ndithandizeni. Ana aja sandivinira. Koma ndikuganiza kuti Tithokoze atatsogolera, onse angatsatire."

Mayi Fanizo adaika cholembera pansi. Adavula magalasi.

"Khalani apo, mwana wanga. Mwachita bwino kufunsa, pajatu safunsa adadya phula. Tsono mumve bwino, chifukwa sindibwereza.

"Mayi wa mwana uja adali Evelesi. Pa utse kunalibe womuposa kuno konse. Akalowa m'bwalo, ngakhale oimba ng'oma ankaiwala manja awo. Zaka ziwiri zapitazo madzi adasefukira, mudamva pa wailesi inu muli kumapiri kwanuko. Evelesi adakweza mwanayo mu mtengo wa mango, n'kumumangirira kunthambi ndi chitenje chake. Adabwerera kukatenga apongozi ake okalamba. Apongoziwo adapezeka m'bango patapita masiku atatu, tidawaika. Evelesi sadapezeke mpaka lero.

"Mabanja ena amene sadaone mitembo ya abale awo adadula mathunthu a nthochi, n'kuwakulunga nsalu, n'kuwaika m'manda, kuti maliro athe ndipo mitima ikhale pansi. Mwamuna wa Evelesi, Geresomo, adakana. Akulu a mpingo adapita, abale adapita, ine ndidapita. Yankho lidali limodzi: Nkhabe, mkazi wanga si nthochi. Iye amati mwina madzi adamutaya kutali kumunsi, mwina adasokonezeka mutu, tsiku lina adzatulukira.

"Adalumbira kuti m'nyumba mwake simudzavina munthu kufikira mwini bwalo atabwera. Mwanayo adafuna kumuwolotsa Shire, akakhale ndi azakhali ake ku Mozambiki. Kumene kuli azakhaliwo sukulu ili kutali, ndipo mtsikana ngati uja ntchito yake idzakhala kuingitsa mbalame mu mpunga. Tidamugwira miyendo ine ndi ahedi. Adavomera kuti aphunzire, koma adati tsiku limene adzamve kuti wavina, m'mawa mwake bwato. Geresomo si munthu wolankhula kawiri."



"Tsono za phunziro lanulo," adapitiriza mayi Fanizo, "vuto si ana. Inu mumawawerengera manambala ngati asilikali. Mwana wa kuno kuvina adabadwa nako, safuna wani thu. Afunseni mmene atate awo amaponyera khoka, mmene amapalasira bwato madzi akalimba, mmene amayi awo amapetera mpunga. Ayambe ndi zimene thupi lawo likudziwa kale, inu muzingotsegula njira. Sizitheka tsiku limodzi. Mwina Lachinayi sizidzakoma kwenikweni. Zilibe kanthu.

"Koma mwana uja musiyeni pa muzu wake. Mwana si ng'oma yoti mubwereke tsiku la mlendo, n'kubweza mlendo akapita. Ndikudziwa kuti amabwera kwanu. Ndimamuona, ndipo ndimakondwa, chifukwa nonse awiri mulibe wocheza naye. Chimene wakuonetsani pakhonde ndi cha pakhonde. Inu mukalephera, a Kaitano adzabweranso ndi njinga yawo. Mwana akawoloka Shire sabweranso. Mwandimva?"

"Ndamva, mayi."

Adamvadi. Makutu ake adali abwinobwino.

4. Lachinayi

Bambo Kaitano adafika pa njinga yamoto nthawi ili cha m'ma teni, malaya atamatirira kumsana ndi thukuta. Adawaikira mpando pansi pa nimu. Adatsegula chikwatu cha mapepala, n'kuchotsa chivindikiro pa cholembera.

Ireen adayamba monga adamulangizira mayi Fanizo. Sadaimike ana m'mizere. Adawauza kuti apange bwalo, mtsikana mmodzi n'kumupatsa chigubu chopanda madzi kuti chikhale ng'oma.

"Ndani angandionetse mmene bambo ake amapalasira bwato?"

Dzulo lake, poyeserera, ana khumi adalumphira m'bwalo nthawi imodzi. Koma lero padali mlendo wa nsapato zonyezimira, wolemba chilichonse. Ana adayang'ana nsapatozo, n'kuyang'anana okhaokha. Awiri adatuluka mokokedwa, n'kugwedeza mikono ngati akuthamangitsa ntchentche.

"Nanga kupeta mpunga? Atsikana, tiyeni!"

Chigubu chidalira katatu, n'kusokonekera, n'kuleka. Wina adatsokomola. Mbuzi idadutsa pakati pa bwalo, ana n'kuseka mbuziyo.

Bambo Kaitano adayang'ana wotchi. Adalemba mizere iwiri. Kenaka adabwezera chivindikiro pa cholembera, n'kupinda manja. Kudatsala mphindi khumi.

Ireen thukuta lidali kamukamu. Adatembenuka, maso ake n'kugwera pa muzu wa nimu. Tithokoze adali pomwepo, manja m'mawondo, akumuyang'ana mwachisoni ngati iye ndiye walakwa. Cha uko, pazenera la Sitandade 6, padaima mayi Fanizo.

Tisamunamizire Ireen. Sadamuitane mwanayo. Sadamutchule dzina, sadamukodole ndi chala. Koma tisamubisirenso, chifukwa ankadziwa bwino lomwe chimene ankachita. Adayang'ana kumbali, n'kuwomba m'manja, n'kuyamba kuimba.

*Kakowa, kakowa, ponda pang'ono,*
*Matope a dambo ngakuya ee.*

Ana adatchera khutu. Nyimboyi sadaimvepo. Idali yosavuta, yokoma, yokoka miyendo. Ireen adaibwereza, ndipo ulendo wachitatu ana adailandira. Wa chigubu uja adapeza kugunda kwake.

Pa muzu paja, zala za kumapazi za Tithokoze zidayamba kukanda dothi. Adazipondereza ndi phazi linalo. Adatseka makutu. Koma mawu makumi asanu ndi atatu ankaimba nyimbo ya mayi ake, imene adali asadaimve m'kamwa mwa munthu wina kwa zaka ziwiri. Mwana wa zaka khumi angalimbane ndi zimenezo?

Adadzuka ngati wogona. Bwalo lidamutsegukira lokha.

Adakweza mwendo, n'kuusiya m'mwamba mpaka anthu adaiwala kupuma, kenaka n'kuutsitsa osadzutsa fumbi n'pang'ono pomwe. Khosi linkasololoka n'kubwerera. Adajompha nsomba yosaoneka, n'kutambasula mikono, n'kuzungulira. Chiuno chidagwira kugunda kwa utse, mapewa akadali a mbalame. Misozi inkatsika, koma miyendo siidaphonye ngakhale kamodzi.

Ana adakhamukira m'bwalo. Wina adakhala kakowa wopunduka, wina kakowa wonyada, awiri adakhala ng'ona yoyembekezera m'matope. Palibe amene adawauza. Fumbi lidakwera mpaka m'masamba a nimu, ndipo bambo Kaitano adaimirira, mapepala ali pansi, akuwomba m'manja ngati ali paukwati.

Belu lidalira. Nyimbo idatha. Tithokoze adaima pakati pa bwalo akupuma mwaphuma. Adayang'ana Ireen kamodzi kokha, n'kutola jumbo la makope ake, n'kulowa m'kalasi.

"Madamu, mwandidabwitsa!" adatero bambo Kaitano. "Teremu ino sindidaone phunziro lotere. Kugwiritsa ntchito nyimbo ya m'dera, kusiya ana apeke okha mayendedwe, ndi zimene timafuna zimenezi!"

Adamupatsa pepala la malikisi. Ireen adalipinda n'kuliika m'thumba la siketi. Njinga itapita, mayi Fanizo adabwera n'kuima pambali pake. Sadakalipe.

"Tamverani," adatero.

Ana adali ataweruka. Ankabalalika m'tinjira tonse, ta kumsika, ta kutchalitchi, ta kumadimba. Ndipo m'kanjira kalikonse munkamveka nyimbo imodzi yomweyo.

5. Khonde lopanda munthu

Masana amenewo Ireen adatsuka mango awiri n'kuwaika m'mbale pakhonde. Adakhala pansi. Mthunzi wa nyumba udafika pamjigo, n'kupitirira. Amayi adabwera kudzatunga madzi, ana awo akuimba za kakowa kumbuyo. Ireen adalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ngakhale m'katimo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa.

Lachisanu m'mawa adaitana mayina.

"Tithokoze Geresomo."

Zii.

"Tithokoze Geresomo."

"Sadabwere, Madamu," adayankha ana angapo.

Pa nthawi yopuma adapita kwa mayi Fanizo, maso ali ofiira.

"Mayi, ndiperekezeni kwawo. Chisena sindichidziwa, mwina bambo ake sakandimvetsa."

"Geresomo Chimang'anja amalankhula kuposa ine," adayankha mayi Fanizo. "Si chilankhulo mukuopa. Mudaimba nokha, pitani nokha. Mukadutse patchalitchi, mukakhotere kumanja pa mtengo wa mlambe. Nyumba yake ndi ya njerwa zosawotcha, kuseri kuli nthochi. Mukafika musakayambe ndi kufotokoza. Mukayambe ndi kumva."

Ataweruka Ireen adanyamuka. Mchenga unkawotcha kudutsa m'nsapato. Panjira anthu ankamupatsa moni mwansangala, ena n'kumuyamikira kuti ana akuti dzulo kusukulu kudakoma. Kuyamikako kunkamulasa ngati minga.

6. Thunthu la nthochi

Adapeza bambo Geresomo pabwalo, munthu wamtali, wowonda, wa imvi zofulumira. M'manja adali ndi chikwanje. Patsogolo pawo padagona thunthu la nthochi longodula kumene, lotalika ngati munthu, madzi akudontha podulapo. Tithokoze adakhala chotsamira khoma, pambali pake pali kathumba ka zovala komanga kale.

"Odi," adatero Ireen.

"Fikani, aphunzitsi. Tithokoze, apatse mpando."

Ireen sadakhale pampandopo. Adagwada pa dothi.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa. Mwanayu sadalakwe. Ndine ndidamu..."

Bambo Geresomo adakweza dzanja. Adaika chikwanje pansi, n'kukhala pa mtondo wogwetsa. Adalankhula mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kudaopsa.

"Aphunzitsi, ndikuuzeni za dzulo. Ndinkachokera kudimba msanga chifukwa mpini udathyoka. Ndili m'bango umo, ndidamva nyimbo kutsogolo. Mawu ankabwera ndi mphepo, sindidazindikire kuti ndi a ndani. Koma nyimboyo ndidaidziwa. Padziko lonse lapansi tidaidziwa anthu atatu. Ine sindinkaimba. Mwanayu ndidamuletsa. Ndiye akadakhala ndani?

"Ndidataya khasu. Ndidathamanga, aphunzitsi, ine munthu wamkulu, minga ikundibaya, ndikufuula dzina lake. Evelesi! Evelesi! Ndidatulukira pamsewu. Ndidapeza ana a eni ake asanu, makope ali pamutu, akudumpha ndi mwendo umodzi. Adandiona n'kuthawa, amayesa wamisala."

Adapukuta nkhope ndi chikhatho.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikugona khutu limodzi lili panja. Ndinkati akadzabwera, ngakhale atadzaiwala dzina lake, nyimbo ija sadzaiwala, ndipo ndidzamudziwira kutali. Ndicho chokha chidatsala. Nyumba idapita, mbuzi zidapita, chithunzi chake n'chimodzi chomwe ndilibe. Lero nyimboyo ili pamjigo, ili kumsika, mawa idzakhala kumowa. Ndikaimva panjira ndizithamangira yani? Ndiye ndadula nthochi. Abale akhala akundikakamiza zaka ziwiri osatheka. Inu mwatha ndi ola limodzi.

"Ndinu mwana, sindikutukwanani. Koma mumve ichi, chikuthandizeni kumene mukupita. Mwana akakupatsani chinthu mobisa, si chanu. Wakusungitsani. Mudzaphunzitsa ana ambiri, ndipo aliyense adzabwera ndi kanthu kake komanga pa nsonga ya chitenje. Osamamasula pagulu chifukwa choti inu zakuvutani."

Ireen misozi idali chuchuchu.

"Bambo, ndilangeni ine. Kandinenereni kwa ahedi, andichotse. Koma mwanayu aphunzire. Ndi wanzeru, masamu ogawa wawagwira sabata imodzi."

"Ndikakuchotsani nyimbo ibwerera?" adafunsa bambo Geresomo. "Mawa tikaika maliro a mayi ake. Lamulungu tipuma. Lolemba m'mawa bwato limuwolotsa. Mawu ndidawanena pamaso pa ahedi ndi mayi Fanizo, sindingawameze. Komanso kuno akhala bwanji, aliyense akumuimbira mayi ake kumaso?"

Adatola chikwanje, n'kuyamba kusadza makoko ouma a thunthu lija.

"Tithokoze, perekeza aphunzitsi ako."

Adayenda awiriwo, mwana patsogolo, mphunzitsi pambuyo. Pa mlambe paja Tithokoze adaima. Ankakanda dothi ndi chala cha kuphazi.

"Madamu."

"Ee, Tithokoze."

"Mwakhoza?"

Pepala lija lidali likadali m'thumba la siketi. Ireen adalimva likumukanda pantchafu. Adagwedeza mutu kuvomera.

"Chabwino," adatero mwanayo. "Bola sizidapite pachabe."

Adatembenuka n'kubwerera kwawo, osathamanga, osacheuka.

Ireen adatsala yekha pansi pa mlambe. Kutali cha kumjigo tiana tinkaimbabe, *ponda pang'ono, ponda pang'ono.* Njira ya kumanzere inkapita kunyumba yake ya kumapeto, kumene mango awiri aja adali akadali m'mbale. Ya kumanja inkapita kwa mayi Fanizo, mmodzi mwa awiri aja amene adagwirapo miyendo ya Geresomo n'kumveka.

Adapukuta misozi ndi nsonga ya bulauzi, n'kukhotera kumanja. Bwato la Lolemba linkanyamuka belu loyamba lisadalire, ndipo iye adali ndi masiku awiri okha.